Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito yogawa madisiki a maseva

Gawo lino likukhudza zaka zomwe ntchito yanga yaikulu inali kugawa malo pa storage array, bokosi la madisiki ambiri momwe maseva amasungira zinthu zawo. Inu amene mwangoyamba kumene ntchitoyi, musathamangire kufunsa kuti pakufunika materabayiti angati. Yambani ndi kufunsa kuti sevayo imawerenga ndi kulemba kangati pa sekondi imodzi, zomwe timati IOPS.

Disiki yozungulira ya 7,200 rpm (yozungulira maulendo 7,200 pa mphindi imodzi) imakwanitsa IOPS pafupifupi 80, ya 10,000 rpm pafupifupi 130, ndipo ya 15,000 rpm pafupifupi 180. Ikule bwanji, liwiro lake ndi lomwelo. N'chifukwa chake madisiki atatu aakulu amatha kukupatsani malo okwanira koma seva n'kumakwawa ngati nkhono.

Chotsatira ndi ntchito yowonjezera yomwe imabwera polemba chifukwa cha RAID, njira yolumikizira madisiki angapo kuti deta isatayike disiki ina ikafa. Pa RAID 10, seva ikalemba kamodzi madisiki amalemba kawiri, popeza deta iliyonse imasungidwa pa madisiki awiri. Pa RAID 5 ntchito imakhala kanayi: kuwerenga deta yakale, kuwerenga parity yakale (deta yowonjezera yobwezeretsera zotayika disiki ikafa), kulemba deta yatsopano, kulembanso parity yatsopano. Pa RAID 6 ndi kasanu ndi kamodzi. Tiyerekeze kuti database ikufuna IOPS 2,000, mwa izo 1,400 zowerenga ndi 600 zolemba. Pa RAID 10 madisiki adzasenza 2,600, ndiye mukagawa ndi 180 mupeza madisiki 15, omwe mukwezere pa 16 popeza amayenda awiriawiri. Pa RAID 5 katundu amafika 3,800, madisiki 22. Pa RAID 6 ndi 5,000, madisiki 28. Amene amati RAID 10 ndi yodula amangoona theka la malo lomwe yadya, saona kuti pa ntchito yolemba kwambiri imafuna madisiki ochepa. Manambalawa musawalote. Yezani ndi Performance Monitor pa Windows kapena iostat pa Linux, ndipo muyeze nthawi yomwe ntchito yachuluka, monga kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro.

Pa SQL Server, pulogalamu ya database ya Microsoft, ma log (mafayilo olembamo kusintha kulikonse kwa database) ndimawaika pa madisiki awoawo. Log imalemba mondondoza, pomwe deta imadumphadumpha, ndipo mukaziphatikiza mutu wa disiki umangoyendayenda. Kupanga ma LUN awiri (zigawo za malo zomwe seva imaziona ngati madisiki osiyana) pa gulu limodzi la madisiki sikulekanitsa kanthu, chifukwa pansi pake akulimbirana madisiki omwewo. Pochita format ya NTFS sankhani allocation unit (kagawo kochepetsetsa ka malo komwe fayilo imapatsidwa) ya 64 KB, yofanana ndi extent, muyezo womwe SQL Server imagawira malo, yomwe ndi masamba 8 a 8 KB.

Pa maseva akale onaninso pomwe partition (chigawo cha disiki) yayambira. Windows Server 2003 inkayambira pa sector 63, malo osagwirizana ndi malire a stripe (zidutswa zomwe RAID imagawira deta pa madisiki), moti kulemba kwina kunkagwera madisiki awiri m'malo mwa imodzi. Windows Server 2008 inakonza izi poyambira pa 1 MB, koma partition yopangidwa kale imakhalabe ndi vutolo mpaka mutaipanganso.

Batire la cache (memory yosungira deta kwakanthawi) pa controller, chipangizo choyendetsa madisiki, ndimalidera nkhawa kwambiri, makamaka kuno komwe magetsi amazimazima. Likafa, controller imasiya write-back (kuvomereza deta ikangofika mu cache) n'kuyamba write-through (kudikira kuti ifike pa disiki) poteteza deta, ndipo kulemba kumachedwa mwadzidzidzi ngakhale disiki iliyonse ili bwinobwino. Osakakamiza write-back popanda batire: magetsi akazima, zomwe zinali mu cache zapita.

Siyaninso hot spare imodzi m'bokosimo, disiki yodikira kulowa m'malo mwa yomwe yafa. Disiki yaikulu ikafa pa RAID 5, rebuild (kubwezeretsa deta pa disiki yatsopano) imatha maola ambiri ikuwerenga madisiki onse otsala, ndipo ina ikalephera nthawi imeneyo volume yonse yawonongeka. Choncho madisiki aakulu a 7,200 rpm ndimawaika pa RAID 6, n'kuwapatsa ntchito ya ma backup ndi mafayilo osatsegulidwa kawirikawiri.