Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Zotsatira za ku labu

Paja gawo lapita lija ndinalekezera pomwe anesi anandipaka viniga pa khomo la chiberekero, njira yoyezera khansa ija amati VIA, kenako nkungoti zii. Anakaitana adokotala, nawonso kusuzumira, basi "mayi, tidulako kanyama pang'ono titumize ku labu." Mawu oti khansa sanawatchule koma ine ndinawamva, nanga mmene matendawa akuthera azimayi muno mMalawi, komanso ndinkataya magazi ndikakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, ndikanaganiza chani.

Masabata 6 ndikudikira. Ndinalemba mukope onse omwe anali nane ngongole ya usipa kuti ana asadzavutike, zitenje zanga zabwino zitatu ndinapatsa mng'ono wanga, iye kudabwa kuti achemwali kufatsa kumeneku kwayamba liti.

Tsiku lokamva zotsatira adokotala anayamba ndi funso lachilendo, "mayi munakulira kuti?" Ndati ku Nkhotakota, kunyanja. Akuti si khansa, mukanyama muja apezamo mazira a likodzo. Ine likodzo? Ndinkadziwa kuti ndi matenda a anyamata okodza magazi aja tinkawaseka ku pulayimale. Anandijambulira papepala, akuti tinyongolotsi tochokera mu nkhono zammadzi timaboola khungu ukamasamba kapena kuchapa, nkukakhala mmitsempha ya magazi ya kuchikhodzodzo ndi kuchiberekero zaka ndi zaka, ndiye mazira ake amakanirira mminofu nkupanga timawanga tachikasu ngati mchenga, tongokhudza pang'ono magazi, moti ndi maso okha ngakhale wa chipatala atha kuganiza kuti ndi khansa. Ine nyanja ndinachokako ndili Fomu 2 abale, koma zinthu zinali phee mkatimo.

Anandikweza pa sikelo, makilo 60, nkundipatsa mapilitsi 4 a praziquantel, poti amawerengera 40 mg pa kilo iliyonse. Kumwa kamodzi basi, utadya. Kuwawa kwake musanene, chizungulire tsiku lonse ndili gone pamphasa. Anandiuzanso kuti mankhwalawa amapha nyongolotsi koma zipsera zina sizitheratu, ndipo kuyezetsa khansa ndisasiye, poti kukhala ndi likodzo sikuti winayo sangabwere.

Zitenje zija ndinakafunsa, mng'ono wanga akuti ziwiri anasoketsa kale. Za zomwe apongozi ankanong'ona kuti magazi aja ndi matenda otengera kwa amuna ena, tidzacheza gawo 10.