Ulendo wachitatu: anapiye 34 aswa mufiriji yanga yakale

M'mawa wa lero kulira kwa anapiye kwandichingamira ndisanatsegule n'komwe chitseko cha kuseli. Aswa 34 mwa mazira 42 amene anafika tsiku la 18. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, tochi ili m'manja, kumangowayang'ana pa kagalasi ka firijiyo. Ena anali atauma kale bwinobwino, ena akadali onyowa, akugona chafufumimba pa waya. Mkazi wanga anandipeza ndili pomwepo, madzi osamba atazizira kalekale.

Amene mwakhala mukutsatira nkhani ya inkyubeta yangayi, makina oswetsera mazira amene ndinapanga ndi firiji yakale, mukudziwa kuti ndinakhala chete kuyambira February. Lero ndinene chimene chinachitika.

Ulendo woyamba ndinaika mazira 30, anaswa 7. Ndinaloza chala kuthimathima kwa magetsi, ndipo mtima unakhala m'malo chifukwa cholakwa sichinali changa. Ndinagula batire, ndinasintha mababu otenthetsera mazira n'kuika a 12V, kenaka ndinaika mazira 60 a Mikolongwe. Ndalama yake mkazi wanga anakatenga ku banki mkhonde m'dzina lake. Kutentha sikunachoke pa madigiri 37.5 masiku onse 21, kutembenuza katatu pa tsiku osaphonya. Anaswa anayi okha. Anayi.

Tsiku la 23 ndinaswa otsalawo limodzilimodzi kuseli kwa khola. Asanu ndi atatu anali osukusa, zimenezo n'zachizolowezi. Koma ena onsewo munali anapiye athunthu, nthenga zonse, zala, milomo, ali nyowe ngati awaviika m'madzi. Anafera m'chigoba atatsala pang'ono kutuluka. Ndinawakwirira m'dzenje limodzi, firiji ndinaifunditsa chiguduli, ndipo kwa miyezi inayi sindinkafuna ngakhale kudutsa pamene inali. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti Lachisanu lililonse mkazi wanga ankapita kukabweza ngongole ya zinthu zimene ndinakwirira ndekha, osandinena ngakhale kamodzi. Mu May ndinapeza munthu woti aigule. Mkazi wanga ndiye anakana. Anati, "Abambo, musagulitse. Yesaninso ndi mazira a nkhuku zathu zomwezi, amenewo sitikongola kwa munthu."

Sindinamvere nthawi yomweyo. Chinandidzutsa ndi thadzi lathu lachikuda limene linafungatira mazira 11 m'dengu mu June n'kuswa 9. Awiri otsalawo ndinawaunika ndi tochi mwachizolowezi chabe, ndipo ndinaona kuti kampata ka mpweya kaja ka kumutu kwa dzira kanali kakakulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira lonse. Mazira anga a mu February kampatako kanali kakang'ono ngati ka dzira la sabata imodzi. Apa m'pamene mutu unayambanso kugwira ntchito. Mazira anga sankataya madzi okwanira. Mwanapiye akaboola kampatako kuti ayambe kupuma, ankapeza malo ochepa ndi madzi ambiri.

Koma bwanji, poti kamita ka chinyontho kankaonetsa 55 peresenti nthawi zonse?

Funso limeneli linandidyera masiku asanu. Ndinayamba ndi kukayikira mabowo a mpweya, ndinaboola ena awiri. Ndinakayikira fani, ndinaichotsa n'kuiyesa payokha, inali bwino. Tsiku lachitatu m'pamene ndinayesa kamitako ndi mchere. Kwa amene simunayesepo: dzazani mchere m'chitsekerero cha botolo, donthezani madzi pang'ono kuti unyowe ngati mchenga wa kudambo koma usasungunuke, ikani m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi kamita, musiye usiku wonse. Kamita kabwino kayenera kuonetsa 75. Poyamba ndinachulutsa madzi, mchere unasanduka phala, ndinayambiranso. Kachiwiri chivindikiro chinkalowetsa mpweya, ndinachimata ndi selotepi. Kachitatu kanaonetsa 59. Ndinabwereka ka mnzanga n'kuika tonse tiwiri m'kontena imodzi: kake 74, kanga 59.

Ndiye kuti pamene ine ndinkathirathira madzi m'mbale kuti ndifike pa 55, m'katimo munali 70 n'kupitirira, kuyambira tsiku loyamba. Ndipo munali mu February, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, mpweya wa panja uli wonyowa kale. Kamitako kanali konama, inde, koma amene sanakayese asanaike mazira a ngongole ndine. Ndinaunika mazira tsiku la 10 n'kumangosangalala ndi mitsempha ya magazi, osayang'ana kukula kwa kampata.

Ulendo uno ndadalira sikelo ya kukhitchini kuposa kamita. Dzira liyenera kupepuka ndi 12 kapena 13 peresenti pofika tsiku la 18. Ndinalemba manambala ndi pensulo pa mazira khumi n'kumawayeza pamodzi masiku atatu alionse. Anayamba ndi magalamu 452, tsiku la 18 anali 396. Madzi ndinangoika m'kasosala kamodzi, mbale yaikulu ndinaibwezera tsiku la 18 nditasiya kutembenuza. Kuchokera pamenepo chitseko sindinachikhudze, ngakhale dzulo masana pamene kamwanapiye kena kanagogomola n'kukhala maola ambiri osasuntha. Manja ankandiyabwa, koma usiku kanatuluka kokha.

Mwa mazira 48 amene ndinaika, 30 anali a nkhuku zathu ndi za aneba, 18 a Mikolongwe. Ndikunenabe kuti pakhomo ngati pathu pano Black Australorp ya ku Mikolongwe, ku Chiradzulu kuja, ndi nkhuku yabwino: imaikira kwambiri kuposa yachikuda ndipo thupi lake n'lalikulu, kungoti kufungatira siidalirika kwenikweni, n'chifukwa chake ndinayamba zonsezi. Asanu ndi limodzi ndinawachotsa tsiku la 10 opanda mitsempha.

Wina anandifunsa za kathemositati, kachipangizo kowongolera kutentha. Ndi W1209 yomwe ija, sindinasinthe. Ndimagula kwa bambo wina wokonza mafoni mumsika wa Limbe, amene amakayesa pamaso pako ndi batire usanalipire, ndipo amasunga masensa apadera. Fani ndinachotsa m'kompyuta yakufa, firiji ndinaipeza kwa owotcherera ku Ndirande. Chinthu chokhacho chatsopano ulendo uno ndi sikelo ndi mchere. Chofunditsira anapiye ndi m'phika wadothi wa makala womwe ndinapanga chaka chatha, ukugwirabe ntchito, ndangosintha utuchi wa pansi.

Mazira asanu ndi atatu otsalawo ndiwasiya mpaka tsiku la 23, awiri agogomola kale. Kenaka nditsuka m'kati monse, ndifunefune katemera wa chitopa wa I-2 wodontheza m'diso uja, wa gumboro abwere pambuyo. Ndikuganiza zofuna firiji yaitali ya mashelefu asanu yolowa mazira 300, yotembenuza yokha ndi kamota, mwinanso sola padenga ndalama ikapezeka. Mvula ikayamba nkhanga za amalume ku Thyolo ziyamba kuikira, ndawauza kale kuti andisungire mazira 40. Amenewo amatenga masiku 26 mpaka 28 ndipo chigoba chake n'cholimba, ndiye ngati alipo amene anayezapo kupepuka kwa mazira a nkhanga pa sikelo, andiuzeko manambala ake December asanafike.