Oimba akuthawa, ine ndikhaliretu chiyani?

Alamu anga akhalitsa ku Manchester kuno, moti anayamba kukonda zinthu zomwe kwathu ku Ntcheu sitinazilotepo. Loweruka lina anangoti, "Alamu, sitani malaya, lero mukamvere Haydn." Ndinali nditangoweruka ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, maso ali gwa, koma tikiti yaulere saikana.

Nyimbo yake inali Symphony No. 45 ya Haydn, wopeka nyimbo wakalekale, yoimbidwa ndi gulu la zida zoimbira. Chigawo choyamba chinabwera ngati munthu wolowa m'nyumba atakwiya kale kunjira: mavayolini akugwa kuchokera pamwamba, mabesi akugunda pansi osapuma. Chitatha ndinawomba m'manja ndi mtima wonse. Holo yonse, ndekha. Alamu ananditsina pantchafu. "Mpaka zigawo zonse zinayi zithe," ananong'ona. Chachiwiri chinali chozizira, mavayolini akulira chapansipansi ngati awagwira pakamwa, ine ndikulimbana ndi tulo. Chachitatu, kagule ka m'nyumba za mafumu kotchedwa minuet, ndinangokalola kadutse.

Chomaliza chinathamanga bwino ndithu, kenaka chinaima mwadzidzidzi n'kusanduka kanyimbo kofatsa. Apo mpamene bambo woimba chitoliro chotchedwa oboe anazimitsa kanyali ka patsogolo pake, n'kunyamuka. Wa lipenga lopindika lija, horn, nayenso zii kanyali, ulendo. Ndinati m'mimba umenewo, adyera pamodzi. Koma ananyamukanso ena. Bambo wa chibesi chachikulu ngati chitseko anaimba kake pang'ono, n'kuchigoneka pansi, osacheuka n'komwe.

Tsono kuntchito kwathu za moto amatiphunzitsa mpaka kutopa nazo. Ndinaganiza kuti anthu ali kutsogolowa aona chimene ife sitinachione, ndipo ulemu wachizungu ukuwaletsa kukuwa. Ndinanunkhiza. Fungo linalipo. Lero ndikuvomera kuti anali mafuta onunkhira a mayi wa mpando wakutsogolo, koma nthawi imeneyo unali utsi weniweni.

"Alamu, dzukani, kwayaka!"

Anandikoka jekete, ine n'kuivula kuwasiyira. Ndinaponda mapazi a mzere wonse, ndikupepesa aliyense, mpaka pakhomo. Ndinakankha chitseko n'kuchigwira, dzanja linali ndikukodola anthu monga anatiphunzitsira: okalamba patsogolo, osathamanga. Palibe anasuntha. Mitu yokha ndiyo inatembenuka. Kutsogolo kunali kutatsala anthu awiri okha a mavayolini, akuimba motsitsa kwambiri moti chimene chinkamveka bwino m'holomo anali makiyi a m'thumba mwanga. Anamaliza, nazimitsa tinyali tawo. Anthu anawomba m'manja, ine ndili chigwirire chitseko.

Pa basi alamu ankafotokoza akupukuta misozi ya chiseko. Joseph Haydn analemba nyimboyi mu 1772 akugwira ntchito kwa kalonga Nikolaus Esterházy. Chaka chimenecho kalongayo anakhalitsa kunyumba yake yachifumu ya Eszterháza, ku Hungary, pomwe akazi a oimba ake anali atatsala ku Eisenstadt. Anyamata anapukwa. Bwana wotero sungamuuze pamaso kuti tatopa, ndiye Haydn anaika dandaulolo m'nyimbo momwemo: aliyense akamaliza mbali yake azimitse kandulo n'kutuluka, mpaka anatsala iye mwini ndi Luigi Tomasini, mtsogoleri wa oimba mavayolini. Kalonga anamva mwambiwo, ndipo akuti m'mawa mwake anthu anamanga katundu. N'chifukwa chake amaitcha nyimbo yotsanzika.

Apa mpamene ndinasiya kuchita manyazi n'kuyamba kumulemekeza mkulu Haydn, pakuti nanenso mayi a kunyumba ndinawasiya kumudzi, ndipo kalata yanga yopempha tchuthi yagona pa tebulo la abwana miyezi iwiri. Lolemba ndinalowa mu ofesi mwawo, ndinapereka moni mofatsa, n'kuzimitsa getsi, n'kutuluka pang'onopang'ono osacheuka.

Anandiitana kuti ndidzayatse.