Minga ya cholla m'chigwa cha Pinto

Msewu wochokera m'tauni ya Twentynine Palms ku California umakwera kulowa mu Joshua Tree National Park, kenako umagawikana, ndipo wakumanzere, wotchedwa Pinto Basin Road, umatsetsereka kulowera kumwera chakum'mawa. Alendo ambiri amakhotera kumanja kumene kuli matanthwe akuluakulu ndi mitengo ya Joshua, koma ine ndinatsata wotsetserekawo chifukwa chimene chinandiyendetsa chinali chomera cha minga chotchedwa cholla, chomwe eni dera amachitchula kuti "choya". Malowa anayamba kutetezedwa ndi boma mu 1936 ndipo anakhala paki mu 1994. Ali pokumanira zipululu ziwiri, cha Mojave chomwe ndi chokwera ndi chozizirirapo, ndi cha Colorado chomwe ndi chotsika ndi chotentha kwambiri. Malire ake munthu amachita kuwaona ali m'galimoto, pakuti mitengo ya Joshua imanka nichepa mpaka kutheratu, n'kutsala zitsamba za creosote zomera motalikirana pamiyala.

Pafupifupi makilomita 20 kuchokera pachipata chakumpoto pali malo otchedwa Cholla Cactus Garden. Palibe munthu anadzalapo kanthu. Zomerazo zinadzaza zokha malo okwana mahekitala pafupifupi 4 m'munsi mwa mapiri, pamene nthaka ndi ya timiyala ndi mchenga ndipo madzi a mvula sadikha. Ndinafika dzuwa likungotuluka, ndipo kuwala kwake kutadutsa m'mingayo chigwa chonse chinangoti mbuu, nthambi iliyonse itazunguliridwa ndi kuwala kwagolide. Anthu anali yakaliyakali ndi makamera. Kukongolako n'koona ndithu, koma sikuthandiza kudziwa mtundu wa chomera, chifukwa mitundu ingapo ya cholla imawala chimodzimodzi ikawombedwa ndi dzuwa. Wofuna kuchizindikira ayenera kuyenda pang'onopang'ono m'kanjira ka mamita 400 kozungulira malowo, n'kumayang'ana tsinde, zipatso ndi zimene zagwa pansi.

Choyamba ndi kusiyanitsa cholla ndi abale ake. Kale akatswiri a zomera ankaika cholla m'gulu la Opuntia, limodzi ndi zomera zija za nthambi zaphwatalala zobereka zipatso zodyedwa, koma tsopano ali m'gulu lakelake la Cylindropuntia. Nthambi zake ndi zobulungira, zolumikizana mfundo ndi mfundo, ndipo pakhungu pake pali tizitunda tomwe pamwamba pake pamatuluka minga. Chizindikiro chosaphonya chili pamunga penipenipo. Munga uliwonse wa cholla umavala kakhungu kopyapyala ngati pepala kamene kamavuuka, ndipo kakhunguko ndi kamene kamawala padzuwa, kumathandizanso kuchepetsa kutentha kofika panthambi. Ndinatola kamodzi kamene kanagwa pamwala, ndipo kanali kopepuka kotero kuti mpweya wa m'mphuno unakauluza.

Mtundu umene wadzaza malowa ndi Cylindropuntia bigelovii. George Engelmann ndiye anaufotokoza mu 1856, naupatsa dzina lokumbukira John Milton Bigelow, dokotala amene ankatolera zomera paulendo wofufuza njira ya njanji yopita kunyanja ya Pacific. Umaima ndi tsinde limodzi lolunjika, nthawi zambiri lotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo nthambi zake zazifupi ndi zonenepa zimaunjikana kumutu. Kumunsi tsinde limakhala lakuda bii ngati lapsa ndi moto, koma si moto ayi, ndi minga yakale imene yada ndi ukalamba, pamene kumutu kuli koyera mosakanikirana ndi chikasu. Minga imachita kuthithikana kotero kuti khungu lobiriwira silioneka bwino. Maluwa ake, obiriwira motuwira kuchikasu, amatuluka chakumapeto kwa Marichi mpaka Meyi, ndipo zipatso zake zilibe minga italiitali.

Chipatsocho n'chofunika kuchiyang'anitsitsa, chifukwa kumtunda kwa pakiyi kuli Cylindropuntia echinocarpa imene ambiri amaisokoneza ndi bigelovii. Iyoyo imachita nthambi zambiri zoyanga ngati chitsamba chenicheni, khungu lake limaonekera pakati pa minga, chipatso chake chimakhala ndi minga yambiri ndipo chimauma chikakhwima, komanso mfundo zake sizithothoka wamba. Mtundu wachitatu umene ndinauona m'mbali mwa msewu ndi Cylindropuntia ramosissima, wa nthambi zowonda ngati pensulo. Munthu wokulira kwathu akauona amakumbuka nkhadze ya kumpanda, koma nkhadze ilibe minga ndipo imatuluka utomoni woyera ikathyoledwa, pamene uwu uli ndi minga italiitali yotuluka umodziumodzi, khungu lake lili ndi timizere topingasana, ndipo ulibe utomoni wotero.

Chimene chinanditenga mtima kwambiri chinali pansi. Kuzungulira bigelovii aliyense pamakhala mfundo zothothoka zili mbwee, ndipo zina zinali zitagwira kale nthaka ndi timizu. Zipatso za mtunduwu kawirikawiri sizikhala ndi njere zomera, motero umafalikira ndi mfundo zimenezi, ndipo zomera zoyandikana nthawi zambiri zimakhala zochokera ku kholo limodzi. Mfundoyo imathothoka ikangokhudzidwa pang'ono, n'chifukwa chake anthu amati cholla amadumpha, ngakhale kuti sadumpha. Ndinaona mtsikana wina atakodwa nayo pansapato. Bambo ake anamuletsa kuigwira, anatulutsa chipeso m'thumba, nachilowetsa pakati pa nsapato ndi mfundoyo, n'kuitaya kutali ndi anthu. Akanaigwira ndi dzanja ikanangosamukira pachala. Mu 2018 Stephanie Crofts ndi Philip Anderson a ku University of Illinois anayeza minga ya zomera zoterezi, ndipo anapeza kuti ya cholla ili ndi timano tosanjikizana toloza kumbuyo, totheketsa munga kulowa mosavuta ndi kukana kutuluka.

Zamoyo zina zimapindula ndi ukali umenewu. Khoswe wa m'chipululu amatuta mfundozo n'kuziunjika pakhomo pa chisa chake kuti adani asalowe, ndipo mbalame yotchedwa cactus wren imamanga chisa pakati penipeni pa nthambi. Cholla akafa, mnofu umawola n'kutsala mtengo wamphako wokhala ndi timabowo mwadongosolo, ndipo mitengo yotereyi ili ngundangunda m'mbali mwa kanjirako. Lamulo la paki sililola kutenga chilichonse, chamoyo kapena chakufa.

Lamulo limeneli ndimalivomereza ndi mtima wonse, makamaka ndikaganizira zimene cholla wachita kum'mwera kwa Africa. Mtundu wina, Cylindropuntia fulgida, kwawo ndi ku Arizona ndi ku Sonora, ndipo umadziwika ndi maluwa ofiirira ndi zipatso zolendewera motsatizana, chatsopano chikumera pa chakale. Unafika ku South Africa ngati chomera chokongoletsa pakhomo, koma mfundo zake zinayenda ndi ziweto, nyama zakutchire ndi madzi osefukira mpaka unalanda malo odyetserako ziweto m'chigawo cha Limpopo ndi kutsidya kwa mtsinje wa Limpopo, chakum'mwera kwa Zimbabwe. Kwa zaka zambiri akatswiri kumeneko ankautchula ndi dzina la mtundu wina, Opuntia rosea, ndipo kusokonezako kunachedwetsa ntchito yopeza mdani wake wachilengedwe. Tizilombo ta cochineal timene timayamwa madzi a zomerazi timasankha kwambiri, kotero kuti togwira mtundu umodzi sitichita bwino pa unzake. Dzina lenileni litadziwika, anapeza mtundu woyenera wa tizilombo ta cochineal totchedwa Dactylopius tomentosus wochokera ku Mexico, ndipo atautulutsa m'tchire, zitsamba zimene zinakanika ndi mankhwala zinayamba kuuma.