Mlandu wa pakhoma la apongozi

Inu amene mwayamba kundikuwiza kuti "a Who Stole" ndikamatsika minibasi pa Bembeke, dikirani mumve kwa mwiniwakene, chifukwa zimene akukuuzani pa bawo n'zothira tsabola. Pabwalo sindinagwade ayi, ndinangonjuta. Sindinalirenso, unali utsi wa fodya wa nduna. Ndipo nkhuku inali imodzi, osati khola lonse.

Uphunzitsiwo sindinachite kuupempha. Mlamu wanga wa Fomu 4 ndi amene anabwera ndi kope, mayeso a MANEB atayandikira, nati, "Alamu, paja inu Chingerezi munakhoza bwino, tandithandizani ma clause, sakulowa m'mutu." Tonse tikudziwa kuti pa MSCE ungakhoze masamu, bayoloje, agirikacha ndi zina zonse, koma Chingerezi ukatola 9 satifiketi iwalako. Ndikanakana bwanji? Munthu amene pamudzi pano amangondidziwa ndi kukumba kachewere ndi kufolera nkhokwe, lero ndipatsidwe mpata woonetsa kuti m'mutumu muli kanthu, ndiuponye?

Bolodi kunalibe, choko kunalibe. Chimene chinalipo ndi khoma la khitchini ya apongozi, lozira bwino ndi dothi loyera, loyang'ana kunjira ya kumjigo, ndi makala a pambaula, poti mukudziwa mmene June wa ku Dedza amalumira. Abale, ndinaphunzitsa. Ndinamuuza kuti clause ndi nthambi ya chiganizo yokhala ndi mwininkhani ndi mneni wakewake. Ina imaima payokha, ndiyo main clause. Ina, subordinate clause, siingaime payokha, moyo wake wonse ndi wotsamira inzake ngati mkamwini pamudzi pa eni. Zotsamirazo zilipo za mitundu itatu: ina imagwira ntchito ya dzina, ina imafotokoza dzina, ina imaonjezera pa mneni kuti chinthu chinachitika liti, kuti, chifukwa chiyani, kapena ngakhale zinali bwanji.

Mwana kukamwa kunangoti yasa. Ndinaona kuti vuto ndi zitsanzo za m'mabuku, za John amene anapita ku London, kumene mlamu wangayo sanakuloteko n'komwe. Mphunzitsi weniweni amatenga chitsanzo pa zimene mwana amaziona tsiku ndi tsiku. Mfundo imeneyi mpaka lero ndimaiikira kumbuyo, museke musaseke. Ndiye ndinalemba, zilembo zikuluzikulu zoti wa kabaza awerenge osatsika panjinga:

The man who stole the goat lives near the borehole.

Although my mother-in-law is old, she talks all day.

I know what the chief did with the coupons.

Kunsi kwa nthambi iliyonse ndinadula mzere. Ndipo mwana anamva! Yekha ananena kuti yoyambayo ndi adjective clause poti ikufotokoza za "man". Yachiwiri anati adverb clause of concession, waizindikirira pa "although". Yachitatu anayamba waikanda m'mutu, kenako anati noun clause, chifukwa ukafunsa kuti "I know chiyani?" yankho lake ndi nthambi yonseyo, ndiye kuti ndi object wa "know". Ndinakagona nditakhuta ulemu. Zofufuta ndinati tiona mawa, azibwerezako m'mawa akamasesa.

Usiku womwewo mbuzi ya mlongo wawo wa amfumu siinalowe m'khola. Ndipo pafupi ndi mjigo pali nyumba imodzi yokha.

Ana a sekondale a masiku ano, mukawafunsa m'kalasi amakhala duu, koma pakhoma la munthu amawerenga ndi kumasulira mwaulere. Pofika nthawi yoti amayi atula ndowa zachiwiri, mudzi wonse unali utadziwa kuti mkamwini wa kwa uje waulula wakuba, ndipo walemba m'Chingerezi kuti apolisi a ku boma asavutike. Dzuwa lisanapendeke ndinali pansi pa mtengo wa kachere. Amfumu pampando, nduna m'mbali, bambo a kumjigo maso ali psuu, apongozi atafunda chitenje kumutu chondifulatira. Khoma sakanatha kulinyamula, ndiye wina analijambula pa foni, foniyo n'kumayenda m'manja mwa madoda, ena ataigwira chadodolido koma akugwedezera mutu kuti umboni ndi wamphamvu.

Nditapatsidwa mpata ndinaomba m'manja n'kuyamba bwinobwino. "Wawa amfumu, mawu awa oti who stole the goat si mlandu. Ndi nthambi chabe, yosaima payokha. Paokha alibe ganizo lathunthu."

Amfumu anandiyang'ana nthawi yaitali. "Siima payokha?"

"Siima, wawa."

"Nanga yatsamira yani?"

"Yatsamira the man."

"Ameneyo ndiye ndani?"

"Bambo, wawa. Bambo aliyense. Wongopeka."

"Chabwino. Wongopekayo amakhala kuti?"

Apa ndi pamene magazi a uphunzitsi anandipereka. Munthu akakufunsa funso loti yankho lake lili mu main clause, pakamwa pamayankha pokha. Ndinamva mawu anga omwe akutuluka, omveka bwino, katchulidwe kake ka pa wailesi: "Near the borehole."

Kunangoti zii. Ndinamva mjigo ukulira kutali, kwii, kwii, ngati ukuvomereza. Galu amene anagona pafupi ndi amfumu anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana, n'kugonanso choyang'ana kwina. Nduna ina inali itatsala pang'ono kufwenkha fodya, dzanja linangoima m'malere. Ine ndili chinjutire, miyendo itachita dzanzi, ndikuwerenga nyerere zimene zinkadutsa pakati pa mapazi anga, ndikuzisirira kuti izo zili ndi kopita.

Kenako kumbuyo kunakwera dzanja, mwaulemu, ngati m'kalasi. Mwana wa bambo a kumjigo, naye wa Fomu 4.

"Pepani amfumu, ndifunseko. Achimwene, pachiganizo chanucho mpatuliro ulipo?"

Ndinati palibe.

"Ndiye imeneyo ndi defining clause," anatero mwanayo akuyang'ana anthu, osati ine. "Ntchito yake ndi kuloza. Pa abambo onse a m'mudzi muno, ikusankha mmodzi kuti ndi uyu."

Anthu anati "Eee!" ngati amva. Ine ndinaona kampata, ndinati ndiye vuto ndi laling'ono, makala anandithera, tingoikapo mipatuliro iwiri, wina kutsogolo kwa "who", wina kumbuyo kwa "goat", nkhani ithe.

"Mukatero ndiye mwaonjeza," anatero mwana uja. "Ikhala non-defining. Ndiye kuti bamboyo tonse tikumudziwa kale, zakubazo mwangotikumbutsa podutsa."

Tsono ndiuzeni inu anzeru a pa bawo, mukanatulukira pati? Popanda mpatuliro ndaloza munthu, ndi mpatuliro ndamutsimikizira. Ndipo chondiwawa n'choti mwanayo sananame. Amene anamuphunzitsa ameneyo boma limukweze.

Amfumu anali akusangalala ndithu, mpaka pamene foni inabwerera kwa iwo, mdzukulu wawo n'kuwanong'oneza tanthauzo la chiganizo chachitatu. Nkhope inasintha.

"Mkamwini, za makuponi mukudziwapo chiyani?"

"Palibe, wawa. Ndi noun clause. Object."

"Object wakeyo ndi chiyani?"

Sindinayankhe, koma ndinaona bwalo lonse likusendera kutsogolo. Anthu amene pa nkhani ya mbuzi ankasinza anatsegula maso. Gogo wina amene makutu ake anafa kale anakuwa ali kumbuyo, "Nenani mkamwini, nafenso timafuna kudziwa, chaka chatha dzina langa linasowa!" Wina anati lakenso. Wina anayamba kuwerenga pa zala mabanja amene sanalandire feteleza.

Sindinaonepo mlandu ukutha msanga chonchija. Amfumu anaimirira, anati nkhani ya lero ndi ya mbuzi basi, zina n'zamasukulu. Mkamwini apereke nkhuku kwa bambo a kumjigo chifukwa chowaipitsira mbiri, azirenso khoma la apongozi ake ndi manja ake, bwalo latha, kunja kukuzizira. Anachoka osadikira n'kuwanyamulira mpando.

Chiganizo chachiwiri pabwalo sichinatchulidwe, ndinayesa ndapulumuka. Mlamu wanga, Mulungu amudalitse, anauza mayi ake kuti chikutanthauza kuti ngakhale ndi achikulire, amalangiza anthu tsiku lonse osatopa. Anakondwa, mpaka ndiwo za tsiku limenelo zinali za mazira. Anadzawononga ndi mwana wa kumjigo yemwe uja, amene anaona kuti ndi udindo wake kukonza kumasulirako. Panopa apongozi akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wanga ine ndili pomwepo, ndipo amayamba ndi mawu oti, "Uwauze aphunzitsiwo."

Mbuzi inapezeka. Inangowoloka msewu wa M1 n'kukalowa m'dimba la kabichi mbali ya ku Mozambique, yopanda chiphaso chilichonse, ndipo inabwera itanenepa. Nkhuku yanga anali atadya kale. Ndinakafunsa kwa nduna ngati pali zobweza, anati nkhani imeneyo aikambirana anthu akamaliza kukolola kachewere, sanati wa chaka chiti.