Zilembo za pulogalamu yakale ya sitoko zayamba kuwerengeka, ndipo sikirini sindinagule

Abale anga a m'mashopu ndi m'maofesi a kunsi kuno, kuyambira Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje, amene mukusungabe sitoko ndi ngongole m'mapulogalamu akale aja a DOS, a zilembo zokhazokha pa sikirini yabuluu: zilembo zikayamba kuoneka mwachimbuuzi pa kompyuta yatsopano, musathamangire kugula sikirini ina. Sikirini ilibe mlandu, maso anunso alibe mlandu.

Mapulogalamu amenewa, ambiri olembedwa ndi Clipper, dBASE kapena FoxPro, amadziwa mizere 25 yokha, uliwonse wa zilembo 80. Pa sikirini yakale ya VGA chilembo chinali kachithunzi ka timadontho 9 m'lifupi ndi 16 m'litali, sikirini yonse 720x400. Laputopu ya masiku ano ili ndi 1366x768 kapena 1920x1080. Kachithunzi kaja kakatambasulidwa kuti kadzaze pamenepo, timadontho sitigawika mofanana, ndiye 8 amasanduka 0, 3 amasanduka 8. Pa kauntala umenewo ndi mkangano ndi kasitomala.

Zimenezi bambo wina wokonza makompyuta ku Blantyre sanafune n'kuzimva komwe. Munthu wanyamula kompyuta pamiyendo m'minibasi, wawoloka Shire, wakwera zitunda zonse zija, ukafika akuti khalani pabenchi abwana atuluka. Dzuwa litapendeka ndi pamene anaiyatsa, kuyang'ana kamodzi, n'kunena kuti mayi, gulani sikirini yayikulu, tili nayo pompano. Ndalama “yoyezera” analandira ndithu, risiti osapereka. Anayeza chiyani? Sikirini yayikulu imangokulitsa chimbuuzi chomwecho. Shopu inakhala yotseka tsiku la msika chifukwa cha zimenezo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Yambani ndi kuona mtundu wa Windows wanu pa Settings, System, About, pamzere wa System type. Ikakhala 64-bit, pulogalamu yeniyeni ya DOS siyaka n'komwe payokha, chifukwa NTVDM, yomwe inkayendetsa mapulogalamu akale a 16-bit ngati a DOS, mulibemo. Windows 11 yonse ndi 64-bit. Mufunika DOSBox-X kapena vDos, mapulogalamu oyendetsa DOS m'kati mwa Windows. Ine ndinatenga DOSBox-X, yaulere. DOSBox wamba uja wa magemu musiyeni, ndi amene amatambasula kachithunzi.

Ndisanaiwale, musanakhudze kanthu koperani foda yonse ya pulogalamu pa fulashi, makamaka mafayilo a DBF, mmene mumasungidwa sitoko ndi ngongole. Magetsi a kuno mukuwadziwa, akhoza kuzima fayilo ili yotsegula.

Mukaika DOSBox-X, tsegulani fayilo ya dosbox-x.conf ndi Notepad. Pansi pa [sdl] lembani output=ttf. Mzere umenewu ndiye mwini nkhani, chifukwa tsopano chilembo chilichonse chimalembedwa mwatsopano ndi font ya TrueType pa kukula kwenikweni kwa sikirini yanu, osati kukokedwa ngati legeni. Pansi pa [ttf] lembani font=consola, kenako winperc=80 kuti windo itenge gawo lalikulu la sikirini, popeza imabwera ili pa 60. Mukafuna kudzisankhira kukula kwa zilembo ikani ptsize, koma dziwani kuti ptsize ikakhalapo winperc samvekanso. Kudzaza sikirini yonse ndi F11 pamodzi ndi F. Pa lins ndi cols, chiwerengero cha mizere ndi cha zilembo pamzere, musasinthe. Mukaika zilembo 100 pamzere pulogalamu siidziwa, imangounjikana kumanzere, mbali inayo n'kukhala yakuda.

Ndimakonda Consolas chifukwa ziro wake ali ndi kamzere kodutsa pakati, sasokonezeka ndi O pa manambala a katundu. Lucida Console imawerengeka bwino koma ziro wake alibe kamzereko. Arial ndi Times New Roman ayi, zilembo zake n'zosiyana m'lifupi, pomwe pulogalamu imafuna chilembo chilichonse m'kabokosi kofanana kuti manambala agwe mzere umodzi.

Pansi pa [autoexec] ndi pamene mumalemba mount c ndi dzina la foda ya pulogalamu yanu, kenako c: ndi dzina la pulogalamu, kuti izidziyatsa yokha. Dzina la foda lisapitirire zilembo 8 ndipo lisakhale ndi mpata. Mizere yozungulira menyu ikasanduka zilembo zachilendo zokhala ndi tizipewa pamwamba, ndi code page yalakwika, ndiye kuti ndandanda wa zilembo umene DOS ikugwiritsa ntchito. Lembani chcp 437 pa [autoexec] pomwepo, pulogalamu isanayambe. Code page ya 850 inachotsa tingodya tina ta mabokosi n'kuikapo zilembo za zinenero za ku Ulaya. Bambo aja ataona zimenezo anati ndi vairasi, kufuna andilipiritsenso za kufomata. Ndikanalola, ngongole za anthu zonse zikanapita.

Amene muli ndi Windows 10 ya 32-bit, pulogalamu imayaka mukalola NTVDM pa Windows Features, pansi pa Legacy Components. Dinani kumanja pa mutu wa windo, Properties, Font, chokani pa Raster Fonts, zilembo za timadontho zija, musankhe Consolas, 24 kapena 28 malinga ndi sikirini. Pa Layout, Screen Buffer ndi Window Size zonse zikhale 80 ndi 25, apo ayi menyu imathawira m'mwamba.

China n'cha amene muli ndi sikirini ya chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu. Resolution ya Windows ikhale imene yalembedwa Recommended, kenako dinani batani la Auto pa sikirinipo kuti idzikonze. Chingwe chikakhala cholobodoka zilembo zimakhala ndi mthunzi kumanja, mangani tizomangira tiwiri tija. ClearType, yosalaza zilembo za Windows, mukhoza kuikonza polemba cttune pa Start, koma ku zilembo za raster siithandiza kalikonse. Komanso ndi dzuwa la kuno, kuwala kukamalowa pakhomo la shopu, buluu wakuda uja pamwamba pa chakuda saoneka. Mu dosbox-x.conf, pansi pa [ttf], pali mzere wa colors pamene mumalembapo mitundu 16 yondondozana, wachiwiri ndiye buluu, muwalitseni pang'ono.

Ndibwerezenso, sikirini musagule musanayese output=ttf. Zikakhala bwino, fayilo ya dosbox-x.conf ija muikopere pa fulashi yomweyo ya ma DBF, kuti kompyuta ikadzafa musadzakwerenso phiri kukapereka ndalama yoyezera.