Kuthawa kapena kudzitsekera m'nyumba: zomwe ndikuphunzira za mpweya wa poizoni

Pa maphunziro a chitetezo cha pantchito omwe ndikuchita, gawo lomwe landidyera nthawi kwambiri ndi la mankhwala oopsa akatuluka m'thanki kapena m'payipi. Moto umaoneka, umatentha, ndipo miyendo imadziwa yokha kolowera. Mpweya wa poizoni suli choncho. Umayenda ndi mphepo, nthawi zina osaoneka n'komwe, moti munthu akhoza kuthamangira pakati pake penipeni akuganiza kuti akudzipulumutsa. N'chifukwa chake dongosolo losamutsa anthu liyenera kuyankhiratu mafunso atatu ngozi isanachitike: athawe ndani, alowere kuti, ndipo ndani akhale m'nyumba atatseka zitseko.

Nkhani yomwe imabwera pa phunziro lililonse lotere ndi ya ku Bhopal, m'dziko la India. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, madzi analowa m'thanki ya mankhwala a poizoni otchedwa methyl isocyanate pa fakitale ya Union Carbide yopanga mankhwala ophera tizilombo. Mankhwalawo anatentha, n'kutulutsa mpweya wokwana matani pafupifupi 40. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa kalekale, ndipo nsanja yowotchera mpweya woipa inali isakugwira ntchito. Sayirini yochenjeza anthu a kunja kwa mpanda inalira pang'ono, kenako anaizimitsa. Anthu anadzuka akutsokomola, maso akubaya, n'kuyamba kuthamanga mumdima. Wothamanga amapuma mwamphamvu, ndiye amakoka poizoni wambiri. Mpweyawo ndi wolemera, unkakwawa pansi, kotero ana ndiwo anaupuma kwambiri. Boma la Madhya Pradesh, chigawo chomwe kuli Bhopal, linatsimikiza imfa 3,787, ndipo anthu oposa 500,000 anakhudzidwa. Chomwe chimandipweteka n'chakuti kansalu konyowa kophimba mphuno ndi pakamwa kakanathandiza ambiri, koma palibe anawauzapo. Ngakhale madokotala a m'zipatala za mumzindamo sanauzidwe msanga kuti akulimbana ndi poizoni wanji.

Kuunika chiopsezo kumayamba ndi kudziwa khalidwe la mankhwalawo, osangoti dzina lake. Klorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka, choncho amatsikira m'zigwa, m'ngalande ndi m'zipinda zapansi. Wobisala m'dzenje wadziika m'kamwa mwa ng'ona. Amoniya anandisokoneza mutu poyamba: mwachibadwa ndi wopepuka, ayenera kukwera m'mwamba, koma akatuluka mwamphamvu m'thanki momwe anali wamadzi, amazizira kwambiri n'kupanga mtambo woyera womwe umakwawa pansi kwa kanthawi. Hydrogen sulfide amanunkha ngati mazira owola akakhala wochepa, koma akachuluka amapha mphuno, munthu n'kumayesa kuti watha pomwe wawonjezeka. Mphuno si chida choyezera.

Kenako pamabwera nyengo, ndipo apa ndi pomwe ndinakhalitsa. Tinapatsidwa pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ALOHA, yomwe inapangidwa ndi mabungwe a boma la America a NOAA ndi EPA. Umalowetsamo mtundu wa mankhwala, kuchuluka kwake, kukula kwa bowo, liwiro la mphepo ndi nthawi, ndiyeno imajambula mtambowo m'zigawo zitatu: chofiira pomwe munthu angafe, cha olenji pomwe angavulale kwambiri kapena kulephera kuthawa, ndi chachikasu pomwe angangomva kuyabwa ndi kusapeza bwino. Ndinasiya zonse momwe zinalili, n'kungosintha masana a dzuwa kukhala usiku wa kamphepo kayeziyezi. Mtambo uja unatalika koopsa. Masana nthaka imatentha, mpweya umasakanikirana, poizoni n'kusungunuka msanga. Usiku wabata palibe chomusakaniza, amangoyenda ali wokhuthala mpaka kutali. Buku la Emergency Response Guidebook, lomwe ozimitsa moto a ku America, Canada ndi Mexico amayenda nalo, nalonso limapereka mitunda iwiri yosiyana m'masamba ake obiriwira, wa masana ndi wa usiku. Tsoka lake, usiku ndi pomwenso anthu ali mtulo ndipo pafakitale patsala antchito ochepa. Ngozi ya sitima ya pamtunda yonyamula klorini ku Graniteville, South Carolina, m'dziko la America, pa 6 Januwale 2005 inachitika isanakwane 3 koloko m'mawa. Klorini anapha anthu 9 ndipo ena pafupifupi 5,400 anasamutsidwa.

Tsono kusankha pakati pa kusamutsa anthu ndi kuwauza kuti adzitsekere kumadalira nthawi. Ngati mtambo ufike anthu asanathe kuchoka, kapena ngati kutulukako n'kwa kanthawi kochepa, kuwatulutsa panja n'kuwapereka. Bola alowe m'nyumba, atseke mazenera ndi zitseko, azimitse mafani ndi makina oziziritsa okoka mpweya wakunja, atseke mipata ndi nsalu zonyowa kapena tepi, ndipo ngati mpweyawo ndi wolemera akwere m'chipinda cham'mwamba. Koma nyumba si botolo, poizoni amalowabe pang'onopang'ono. Mtambo ukadutsa, m'kati mumakhala moipa kuposa panja, ndiye pamafunika uthenga wachiwiri wouza anthu kuti atsegule ndi kutuluka. Uthenga umenewu ndiwo umaiwalika mosavuta polemba dongosolo.

Kusamutsa kumayenera pamene kutulukako kutenga nthawi yaitali, pamene pali mantha a kuphulika, ndiponso pamene nthawi ilipo. Ku Mississauga, m'dziko la Canada, pa 10 Novembala 1979 sitima yonyamula klorini ndi gasi woyaka wotchedwa propane inachoka panjanji n'kuyaka. Anthu oposa 200,000 anasamutsidwa, kuphatikizapo odwala m'zipatala, popanda wofa ndi mmodzi yemwe. Apolisi sanauze mzinda wonse kuti unyamuke nthawi imodzi. Ankakulitsa dera pang'onopang'ono potsatira mphepo. Ku Seveso, Italy, mu Julaye 1976 zinali zosiyana: poizoni wotchedwa dioxin anatuluka m'fakitale, koma panadutsa masabata awiri anthu asanasamutsidwe, chifukwa zenizeni za zomwe zatuluka zinachedwa kudziwika. Malamulo a ku Ulaya okhudza mafakitale oopsa, omwe anayamba mu 1982, amatchedwa ndi dzina la tauniyi.

Pa ntchito yolemba dongosolo yomwe tinapatsidwa, tinthu ting'onoting'ono ndi tomwe tinandionetsa kusiyana kwa ngozi iyi ndi ya moto. Malo okumanirana amodzi sakwanira, chifukwa tsiku lomwe mphepo iloza kumeneko anthu akaima pamzere m'kati mwa mtambo. Pamafunika awiri kapena kuposa, kumbali zosiyana. Kathumba kosonyeza komwe mphepo ikulowera kazioneka pakhomo lililonse, ndipo usiku kaziunikiridwa. Lamulo la kathawidwe ndi loyamba kudula mphepo cham'mbali kuti utuluke mumtambo, kenako n'kulowera komwe mphepo ikuchokera, ndi kumtunda ngati kulipo. Sayirini ya mpweya isamamveke ngati ya moto, popeza ina ikuti tulukani pomwe inayo mwina ikuti lowani. Ndipo yemwe ali pa shifiti ya usiku akhale ndi mphamvu yoiliza popanda kuyamba waimbira bwana foni.

Gawo lomwe ine ndikuona kuti n'lovuta kuposa masamu onsewa ndi la anthu a kunja kwa mpanda. Antchito amayeserera, koma oyandikana ndi fakitale amangomva kulira osadziwa tanthauzo lake. Makolo akamva za ngozi amathamangira kusukulu kukatenga ana, ngakhale atauzidwa kuti anawo ali otetezeka m'makalasi otseka, ndipo misewu imadzaza pomwe ambulansi ikufuna kudutsa. Okalamba, olumala ndi opanda galimoto ayenera kudziwika mayina ndi malo awo pasadakhale. Bungwe la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linayambitsa ndondomeko yokonzekera ngozi yotchedwa APELL mu 1988 pofuna kuti mafakitale, akuluakulu a boma ndi anthu okhala pafupi azilemba dongosolo limodzi.

Sabata ikubwerayi tikuyamba za kubwerera kwa anthu kwawo ngozi ikatha. Ovulala amavulidwa zovala ndi kusambitsidwa ndi madzi ambiri asanalowe m'chipatala, kuti asadwalitse owathandiza, ndipo mpweya umayezedwa ndi makina m'malo otsika ndi m'zipinda zapansi aliyense asanaloledwe kupita kwawo. Ku Mississauga ena anadikira pafupifupi sabata yathunthu.